Kope Limene Alamu Anga Anandiwerengera Monama

Mawu anga ndi aakulu ndipo sindipepesa. Zaka zonse zimene ndakhala ndikukoka chilimira, ukonde wathu wa utaka, bwato lina kuno lina kutali uko, mwera ukuwomba, palibe msodzi ananenapo kuti sanandimve. Akazi anga amati ndikatsokomola ku Mbungo nkhuku za ku Khuyu zimabalalika. Koma mawu omwewa ndinakhala nawo chete zaka ziwiri zathunthu, nthawi imene mwana wanga ankawafuna. Amene anandichititsa zimenezi ali moyo, nyumba yawo ndi yachitatu kuchokera pa yanga. Ndikufuna nkhaniyi iwapeze.

Ine ku Mbungo, pa chilumba pathu pano, ndine mkamwini. Bambo anga anali a kutsidya, cha ku Cobue, anabwera ndi ngalawa ya nkhuni n'kukhazikika ku Khuyu. Sukulu ndinangoinunkhiza, anzanga asanamalize kuphunzira kugwira choko ine ndinali kale pa nyanja. Banja limene ndinakwatirako ndi la mishoni, anthu a malaya osita, aphunzitsi, oyimba kwaya. Mchimwene wa akazi anga, alamu angawo, ndiwo mwini mbumba. Ndiwonso ankawerenga mawu m'tchalitchi mwathu Lamulungu lililonse, magalasi pamphuno, chala pa mzere. Kuno mwana ndi wa amalume ake. Iwe bambo ntchito yako ndi kufolera nyumba ndi kubweretsa ndiwo. Ndinakula ndikudziwa zimenezo, ndipo sindinkatsutsa.

Mwana wathu wotsiriza, wamkazi, ndiye anali wanzeru pa onse. Anali mu sitandade 8, zaka khumi ndi zinayi, Chingerezi chikungoyenda m'kamwa. Chinali chaka chachitatu chiyambire matipate. Anayamba kukana chakudya, akuti athiramo mankhwala. Kenako kuseka yekha, kuyankha anthu amene ife sitikuwaona. Tsiku lina masana analowa m'nyanja atavala yunifolomu, akungoyenda, madzi m'chiuno, madzi m'khosi. Amayi amene ankachapa pa miyala ndiwo anakuwa. Ndinamuvuula ndi manja angawa, iye akundimenya kuti ndikumuchedwetsa, akumuitana.

M'mawa mwake tinapita naye kuchipatala, atatu: ine, amayi ake, ndi alamu. Masiku amenewo munthu unkagula kope la ana a sukulu, n'kuliduladula pakati ndi mpeni, theka limodzi ndilo adokotala ankalembamo. Ndinagula ndine, ndinadula ndine. Atatiitana ndinanyamuka kuti ndilowe, koma alamu anandigwira pachifuwa.

"Alamu, inu ndi mawu anuwo muwaopseza adokotala. Mlongo wangayu akungolira. Khalani panja nonse, ndilowa ndine. Nanga mwini mwana ndani?"

Ndinakhala. Pansi pa mtengo wa mango, chipewa pa bondo, ngati mbuzi yomangirira. Kulakwa kwanga koyamba ndi kumeneko.

Atatuluka ananyamula timapiritsi tochepa m'kapepala. Anatsegula kope, nakonza magalasi. "Alemba kuti ndi malungo amene akwera kumutu. Apume kunyumba, pamalo a zii, asamaone anthu ambiri. Mankhwala ake enieni ndi nthawi ndi pemphero. Ati tisamavutike kubwera nayenso, palibe china angachite." Kenako anandipatsa kopelo akumwetulira. "Sungani, alamu. Koma musapichirire fodya."

Ndinalitsegula, n'kuyang'ana tsamba lija nthawi ndithu, ndikugwedeza mutu ngati ndikuvomereza zimene zalembedwa. Pa benchi panali anthu, sindinafune aone kuti kwa ine zonsezo ndi mapazi a nkhuku. Kulakwa kwanga kwachiwiri ndi kumeneko, kunyada. Namwino anadutsa pafupi nane, ndikanangotambasula dzanja n'kunena kuti amayi, tandiwerengerani apa. Sindinatero. Ndinalikulunga m'pepala la shuga n'kukalibisa pansi pa zovala m'sutikesi yamalata.

Timapiritsi tija tinatha mlungu umodzi. Mwana analowanso m'nyanja. Apo alamu anati asamukire kwawo, m'kanyumba kakuseri komwe ankasungiramo makaka a chinangwa, kuti kumeneko kuli mpanda, anthu sazimuona. Mabuku ake onse anamulanda, akuti kuwerenga ndiko kwamuwotcha mutu. Anandifunsa chingwe. Ndinadula chingwe cha chilimira changa, ndipo pa mwendo wa mwana wanga ndinamanga ndine, chifukwa ndine ndimadziwa mfundo yosaluma. Ndinkadziona ngati bambo wabwino. Ndinayika kansalu pansi pa mfundoyo kuti isamupweteke.

Zaka ziwiri. Chingwe chinkamufikitsa pakhomo pa kanyumbako, osapitirira. Amayi ake ankamusambitsa, ine ndinkamubweretsera utaka wowotcha n'kuyamba kuluma ndine kuti aone kuti mulibe mankhwala. Miyezi ina ankakuwa, miyezi ina ankangoyang'ana khoma. Ndikanena kuti tibwerere kuchipatala, alamu ankati, "Munawerenga nokha zimene analemba," ine n'kukhala chete, poti ndinagwedeza mutu pamaso pawo.

M'zaka zimenezo mwana wawo wamkazi anakwatiwa. Anakwatiwa bwino, m'banja lolemekezeka la ku Chipyela, ukwati wa m'tchalitchi chachikulu, mabelu akulira. Alendo atafunsa za mwana wanga, anawauza kuti ali kwa achibale ku Chizumulu. Phwando linachitikira pabwalo la alamu, ndipo tsiku limenelo chitseko cha kanyumba kaja anachitseka ndi mpiringidzo. Ine ndinadya mpunga wa ukwati umenewo. Ndinavina. Nsomba zake ndinapereka ndine.

Mwana wanga anali ndi masiku ena amene mutu unkayera, n'kumalankhula ngati kale. Tsiku lina lotere, mwezi wa dzuwa lalikulu, ndinamupeza akuwerenga zilembo za pa thumba lakale la feteleza. Anati, "Ababa, ndipezereni chowerenga, chilichonse, ngakhale pepala lokulungira sopo." M'nyumba mwanga munalibe buku. Pepala lokhalo limene ndinali nalo linali kope lija. Ndinakalitenga n'kumupatsa mwanayo, alamu ali kumunda.

Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anabwereza. Kenako anandiyang'ana.

"Ababa, bwanji simunandipititse?"

"Kuti?"

"Ku Mzuzu. Apa alemba kuti ndi matenda a maganizo, anditumize msanga kuchipatala cha matenda amenewa. Pansipa alemba kuti amufotokozera amene anabwera nane, ndipo amupatsa kalata yoti tipite nayo."

Ndinamulanda kopelo. Ndivomere, sindinamukhulupirire. Dzulo lake lomwelo anandiuza kuti mbuzi za alamu zimamunena. Koma mawu ake anandikhala pachifuwa ngati munga wa nsomba. Ukonde ukakodwa pansi sumangokhulupirira munthu mmodzi kuti wakodwa mbali iti, umafunsa bwato ili ndi bwato ilo. Ndinachita chimodzimodzi. Ndinayenda wapansi mpaka ku Khuyu kwa aphunzitsi ena opuma ntchito, mayi wachikulire. Ndinavula chipewa n'kunena mawu amene sindinanenepo kwa munthu chibadwire: "Amayi, ine sindidziwa kuwerenga." Iwo anangoti, "Tonse timadziwa, achimwene, bweretsani." Anawerenga zomwezo. Ndinapita ku Chipyela kwa kalaliki wa m'sitolo, osamuuza kanthu za aphunzitsi aja. Zomwezo. Ndinaimitsanso mlendo wina wa tayi amene sindinkamudziwa n'komwe. Zomwezo, mzere ndi mzere.

Pobwerera ndinakhala pansi pa mlambe. Zonse zinabwera poyera. Kuchoka pa chilumba pano njira ndi imodzi, sitima, ndipo tsiku la sitima chilumba chonse chimakhala padoko. Mwana wodwala mutu akanakwera anthu onse akuona. Banja la ku Chipyela lija likanati misala ili kumtundu, n'kubweza mawu. Ukwati wa mwana wa alamu unagulidwa ndi mwendo wa mwana wanga. Ndipo anandipatsa umboni m'manja mwanga kuti ndiwasungire, akuseka, podziwa kuti mbuli ya kutsidya singauone.

Ndinafuna kupita ndi nkhafi yopalasira bwato kukawaswa mutu. Ndinafika mpaka pa mpanda wawo nkhafi ili m'manja. Chinandibweza si chifundo ayi. Ndinaganiza kuti akandimanga, chingwe chija adzamasula ndani?

M'malo mwake ndinapita kuchipatala. Adokotala amene analemba aja anali atasamuka kalekale. Ndinapeza namwino wina wamkulu thupi, akulemba pa tebulo. Sindinadikire pansi pa mango. Ndinalowa n'kuyika kope patsogolo pawo.

"Abambo, mzere uli panja."

"Ndakhala pa mzere zaka ziwiri, amayi. Werengani apa."

Atawerenga anavula magalasi. "Mwanayu ali kuti?"

"Ali pachingwe."

Sanandikalipire, ngakhale ndinkayenera. Anaitana adokotala atsopano, anandifunsa mafunso ambiri, ndipo analemba kalata ina. Atafuna kuimata mu envelopu ndinagwira dzanja lawo. "Iyayi. Muyambe mwandiwerengera. M'Chinyanja. Mokweza." Anawerenga. "Bwerezaninso." Namwino anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma adokotala anabwereza. Tinapangana kuti m'mawa wa tsiku la sitima ndidutse naye kuti amubaye jakisoni yomukhazika mtima pansi paulendo.

Akazi anga nditawauza anati, "Achimwene sangachite zimenezo." Ndinawauza za aphunzitsi, za kalaliki, za mlendo wa tayi. Masiku atatu sanandilankhule, ine n'kumati basi asankha mbali ya kwawo. Ndinagulitsa gawo langa la ukonde kuti ndipeze ya ulendo.

Tsiku la sitima alamu analawirira ku msonkhano wa akuluampingo. Ndinalowa m'kanyumba kaja n'kumasula mfundo yanga. Kansalu kaja kanali katamatirira pa khungu. Mwana anaima pakhomo, pomwe chingwe chinkathera, osafuna kuponda kupitirira. Ndinamubereka kumsana, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wopepuka ngati dengu lopanda kanthu. Chingwecho ndinachikulunga n'kuchikoleka paphewa. Titafika pa njira ndinamva mapazi kumbuyo. Anali amayi ake, mtolo wa ufa ndi zofunda uli pamutu. Anali atakonzeratu zonse masiku atatu aja.

Jakisoni anamubaya. Dzuwa lili pamutu tinali padoko, sitima itaima patali, maboti ake akubwera kudzatenga anthu. Kunali khamu la nthawi zonse: matumba a usipa, malata, njinga, amayi a mandasi, anthu a kutsidya ndi nkhuni zawo, ndi ena ambiri ongobwera kudzaona. Anthu anayamba kunong'onezana. Uyu si uja ali ku Chizumulu?

Wina anathamanga kukawauza alamu. Anafika ndi jekete lawo lakuda, nsapato zopolisha zikulowa mumchenga, thukuta lili chuchuchu. Analankhula chapansipansi.

"Alamu, mukutani? Mwana uyu ndi wa mbumba yanga. Wakulolani ndani? Tiyeni kunyumba tikakambirane ngati anthu."

Apo ndinatulutsa mawu anga onse, aja a pa mwera.

"Anthu inu, tabwerani kuno! Lero kuli kuwerenga mawu! Owerenga athu afika!"

Onyamula katundu anatula matumba. Ngakhale oyendetsa boti anazimitsa injini. Ndinatulutsa kope m'pepala la shuga, n'kulitsegula pa tsamba lija, n'kuliyika m'manja mwawo.

"Munandiuza kuti ndisunge, ndasunga. Fodya sindinapichirire. Werengani."

"Alamu, musadzichititse manyazi."

"Manyazi ndinamaliza kale. Werengani!"

"Zolemba za madokotala sizioneka bwino."

Mayi wina wa mandasi anakuwa, "Aa, ambuye, Lamulungu lapitali munawerenga mayina a mafumu onse a m'chipangano chakale osapunthwa ngakhale kamodzi!" Anthu anaseka. Wina anati mwina magalasi afuna kupukuta, wina anawapatsa mpango. Alamu anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, tenga mwana tizipita."

Akazi anga, amene chikwatirane sindinawamvepo akuyankha mchimwene wawo, anatula mtolo pansi.

"Werengani, achimwene."

Anawerenga. Anayamba m'Chingerezi, ine ndinati ayi, m'chilankhulo chimene munandinamiza nacho. Ndiye ankawerenga chapansi, ine n'kumakweza mzere uliwonse kuti ufike mpaka kwa amene anali kumbuyo.

"Matenda a maganizo," iwo.

"Matenda a maganizo! Osati malungo!" ine.

"Atumizidwe msanga."

"Msanga! Zaka ziwiri zapitazo!"

"Wobwera naye wafotokozeredwa, wapatsidwa kalata."

"Wobwera naye ndani? Kalatayo ili kuti?"

Kuseka kunali kutatha. Pakati pa khamu panali apongozi a mwana wawo, a ku Chipyela aja, atabwera kudzalandira katundu, ndipo ndinaonetsetsa kuti amva. Ndinalanda kope langa. Ndinatsitsa chingwe paphewa n'kuchiponya pa nsapato zawo zopolisha.

"Sungani, alamu."

Ndinanyamula mwana wanga n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno, anthu a m'boti anamulandira. Palibe amene anatitchinga.

Tinatsika ku Nkhata Bay, n'kukwera matola kupita ku Mzuzu, kumene kuzizira kwake kunandilowa m'mafupa. Pa chipatala chija anandiuza kuti abambo dikirani panja, alowe ndi amayi ake. Ndinati ine panja ndinakhalapo kamodzi, zinakwana. Ndinalowa chipinda chilichonse chimene mwana wanga analowa. Chilichonse cholembedwa ndinkati ndiwerengereni. Piritsi lililonse ndinkafunsa dzina lake, ntchito yake, ndi chimene lingamuchite. Mayinawo ndinkawaloweza monga ndimalowezera malo a miyala pansi pa nyanja. Anamwino anayamba kunditcha abambo a wayilesi. Ndinkayankha, bola azindiwerengera.

Patapita masabata awiri mwana anauma khosi, malovu akutuluka, manja akunjenjemera. Bambo wina amene ankadwazika mwana wake pafupi nafe anati khalani chete, angakuthamangitseni. Ine ndinapita kukagogoda kwa adokotala nthawi yomweyo. Anamuona, anachepetsa mankhwala ena, n'kuwonjezera kapiritsi kena kothetsa kuumako. Anati ndachita bwino kunena msanga. Ndinabwerera kwa bambo uja n'kumugwira pa mkono kuti nayenso akanene za mwana wake.

Mwezi wachiwiri uli mkati, mwana wanga anadya yekha osadikira kuti ndiyambe kuluma ndine. Anafunsa za anzake a kusukulu. Anapempha sopo ndi chipeso. Amayi ake anatuluka panja kukalira.

Tsiku lotitulutsa ndinawafunsa adokotala funso limodzi. Ndinati, tikanabwera nthawi imene analemba ija, zikanakhala bwanji? Anati palibe angadziwe bwinobwino, koma matenda amenewa akagwidwa msanga amapepukirapo, ndipo chingwe sichichiza munthu. Mawu amenewo ndawasunga pamalo amodzi ndi kope.

Kunyumba nkhondo inali ina. Mankhwala ake ndi a tsiku lililonse, ndipo pa chilumba chilichonse chimabwera ndi sitima. Sitima ikakhala kokonzedwa, mankhwala amachedwa. Ndinaphunzira kusadikira kuti botolo lithe. Likafika pakati ndinkapita kukakhala pa benchi kuchipatala, n'kumafunsa ngati aitanitsa. Namwino wamkulu thupi uja akangomva kutsokomola kwanga ankakuwa ali mkati, "Taitanitsa, abambo, taitanitsa!" Chilumba chitakhala boma pachokha ndinakalowanso m'maofesi atsopano aja ndi mapazi anga a mchenga, kukawauza kuti kuno kuli ana odwala mutu amene akufuna munthu wodziwa matendawa azibwera kudzawaona. Anati alemba. Ndinati ndiwerengereni zimene mwalembazo.

Kusukulu mwana wanga sanabwerere. Anayesa, koma anzake anali atapita patsogolo, ndipo mankhwala ankamugonetsa m'kalasi. Uyu amene akanakhala mphunzitsi kapena namwino lero amasoka mayunifolomu a ana a anthu pakhonde pathu, ndi makina opalasa ndi phazi. Amasoka bwino, amaseka, amakangana ndi amayi ake za mchere. Pa kakolo pake pali mzere woyera wozungulira. Akamapalasa makina ndimauona ukukwera ndi kutsika. Ndiyenso anandiphunzitsa zilembo, pa mchenga, ndi kamtengo, ine nkhalamba ya imvi. Ndinamuuza kuti sindikufuna zambiri, ndikungofuna munthu asadzandiwerengerenso monama.

Alamu anaganiza kuti zathera padoko. Lamulungu loyamba nditabwerera, ine amene moyo wanga wonse ndinkakhala benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko, ndinakakhala benchi yoyambirira, moyang'anana ndi pomwe amawerengera. Atatsegula buku lalikulu ndinatulutsa kope langa n'kuliyika pa bondo, pepala la shuga likuchita phokoso. Atamaliza kuwerenga ndinangofunsa, mwa mawu anga a masiku onse, "Ndi zomwe zalembedwa zimenezo?" Kumbuyo wina anatsamwa ndi kuseka.

Lamulungu lotsatira, chimodzimodzi. Lina, chimodzimodzi. Anayamba kupunthwa, kudumpha mizere. Abambo ansembe anabwera kunyumba kwanga, anakhala pa mpando wanga wabwino, n'kundiuza za kukhululuka. Ndinawamvetsera mpaka anamaliza. Ndinati, "Abambo, ine si wovuta. Abwere pakhonde pano, akhale pansi, amuwerengere mwanayu tsamba lija, amuuze kuti ndinakulakwira. Tsiku lomwelo ndibwerera benchi yakumbuyo." Ansembe anakawauza. Yankho linabwera lakuti mwini mbumba sagwadira mwana wa mlongo wake, ndipo anachita zimene anachita poteteza banja.

Ndiye ndinapitiriza. Mwezi wachisanu anapempha kuti apume pa zowerenga, akuti maso. Sanawerengenso mpaka lero. Anthu ena amati ndinapyola muyeso, munthu wamkulu sachititsidwa manyazi m'nyumba ya Mulungu. Ndimawafunsa ngati anaonapo kansalu katamatirira pa khungu la mwana wawo. Miyezi isanu ya manyazi pa zaka ziwiri za chingwe, ine ndimaona kuti anapepukidwa.

Chimene sindinayembekezere ndi chakuti anthu anayamba kubwera kwa ine. Mayi wina wa ku Khuyu anafika masana, akuyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti mwana wake wayamba kulankhula yekha, amalume ake akuti abisidwe. Wina anachokera kutsidya pa ngalawa. Ine si dokotala. Ndimangovala chipewa n'kunena kuti tiyeni. Tikafika ndimawakankhira m'chipinda, ndimati lowani, wabereka ndinu, ndipo musatuluke asanakuwerengereni. Akachita manyazi ndimakuwa ndine kuti mayi awa sadziwa kuwerenga, inenso ndinali wosadziwa, tiuzeni m'Chinyanja. Kuyambira tsiku la padoko lija, chingwe chilichonse chimene ndamva kuti chili pa mwendo wa mwana ku Mbungo kuno, ndapita kukachiona ndi maso anga.

Mwana wanga amawapatsa moni amalume akewo akamadutsa. Anawasokeranso kolala ya jekete lija itang'ambika. Ndinamukalipira, iye anati, "Ababa, mutu wanga uli ndi katundu wokwanira kale, uyu musenzeni ndinu." Chabwino. Ndasenza, ndipo sakundilemera. Ine moni sindiwapatsa. Akadutsa pa njira ndimangotsokomola, iwo n'kufulumiza mapazi.

Kope lija likadali m'pepala la shuga, m'sutikesi yamalata. Tsamba lake layamba kufiira koma zilembo zikuoneka, ndipo tsopano ndimatha kuloza pomwe pali mawu akuti msanga, ngakhale ali m'Chingerezi. Ana anga aamuna ndawauza kale mawu awa: Ndikayamba kufa ndine, pa maliro anga akadzafika poti a kuchikazi alankhule, alamu adzaimirira ndithu, poti mwambo ndi umenewo. Asanatsegule pakamwa kunena kuti ndinali mkamwini wabwino, mmodzi wa inu adzawayike kope m'manja, lotsegula pa tsamba lija. Ine kukweza sindidzatha. Mudzakweze ndinu.